Omega ya Amalume

Kale m'midzi ino ya pakati pa Nyimba ndi Petauke munalibe munthu wofunsa mnzake kuti nthawi ili bwanji. Anthu akamapangana ankangoloza kumwamba n'kunena kuti tikumane dzuwa likafika apa. Wa ulendo wautali ankadzuka tambala woyamba, amayi opita kumtondo ankayang'ana nthanda, ndipo milandu kwa amfumu inkayamba akuluakulu onse akakhala pansi. Mawotchi analipo ndithu, koma anali a anthu owerengeka: bwana DC ku boma, ansembe a ku Minga, abusa a ku Merwe ndi ku Hofmeyr, ndi aphunzitsi aakulu pang'ono. Enafe nthawi ya Azungu tinkaimvera m'makutu, akamenya chitsulo chopachikidwa pa mtengo wa pasukulu.

Chimene chinafikitsa wotchi pa mkono wa Mnsenga wamba, adzukulu anga, ndi msonkho. Boma linkafuna ndalama, pomwe kuno ndalama kunalibe. Tsono amuna ananyamuka. Oyambirira ankatsika wapansi mpaka ku Feira, kumene lero tikuti ku Luangwa boma, n'kuwoloka Zambezi pa bwato kukafuna ntchito m'mapulazi ndi m'migodi ya Southern Rhodesia, ku Shamva, ku Wankie, ena ku Halale m'makhitchini a Azungu, olimba mtima mpaka ku Joni. Migodi ya mkuwa itatsegulidwa ku Luanshya, ku Nkana, ku Mufulira ndi ku Nchanga, ambiri anatembenukira kumadzulo: kuwoloka Luangwa, kufika ku Lusaka, kenako sitima. Ena sanabwerenso, ndiwo machona aja mumamva. Obwera ankabwera ndi sutukesi yachitsulo, bulangete, njinga ya Raleigh kapena Humber, makina osokera a Singer, ndipo amene zinamuyendera ankatsika basi dzanja la malaya atalipinda kuti wotchi ioneke.

Mawotchiwo anali ndi maudindo awo. Roamer ndi Oris zinali za munthu wodzilemekeza, ndipo mnyamata wovala Oris sankavutika kupeza mbeta. Rolex tinkangoimva dzina. Koma pakati pa zimene maso athu anaona, Omega ndiyo inali pamwamba, ndipo m'dera lonse la kwathu munali imodzi yokha, ya amalume anga, alongo awo a amayi.

Amalume anapita ku migodi ine ndisanabadwe. Anayamba ndi fosholo pansi pa nthaka, akulipidwa pa tikiti: ukagwira mashifiti 30 ndiye tikiti yadzaza, ndiye ulandire. Malipiro a munthu wakuda anali ochepa kwambiri poyerekeza ndi a Mzungu wogwira naye mumgodi womwewo, ndipo wotchi yotere munthu sakanailota. Zinthu zinayamba kusintha ogwira ntchito atapanga bungwe lawo mu 1949, lotsogoleredwa ndi a Lawrence Katilungu, n'kunyanyala ntchito mu 1952 mpaka malipiro anakwera. Amalume nawo anakwera mpaka kukhala kapitao. Dziko litalandira ufulu mu 1964, Azungu ena anayamba kugulitsa katundu wawo n'kumapita kummwera. Mmodzi wa iwo, amene amalume anagwira naye ntchito nthawi yaitali, anawagulitsa wotchi ya pamkono pake, ndipo anailipira pang'onopang'ono mpaka kumaliza. Ankanena okha kuti ndalama imeneyo ikanagula ng'ombe. Amayi anga sanawakhululukire msanga pa nkhani imeneyi.

Amalume anabwerera kumudzi mu 1967, msewu waukulu usanaikidwe phula, mlatho watsopano wa pa Luangwa ukumangidwabe. Ine ndinali mnyamata wa sukulu, ndipo ndinapatsidwa ntchito yowathirira madzi osamba m'manja. Pamenepo ndi pamene ndinaiona pafupi. Inali yaing'ono kusiyana ndi mawotchi amene mukuvala masiku ano, yachitsulo chosachita dzimbiri, lamba wake wachikopa chakuda atafewa ndi thukuta. Nkhope yake inali yoyererako, yopanda manambala, koma timizere tachitsulo tonyezimira m'malo mwa maola. Pamwamba panali chilembo cha Chigiriki ndi dzina loti Omega, pansi pake Automatic, ndipo chakumunsi, m'zilembo zopendekera zolumikizana, Seamaster. Kamuvi ka masekondi sikankadumpha monga kamachitira ka wotchi ya batire, kankangoyenda mosalala. Chimene chinandidabwitsa kwambiri n'chakuti posamba m'manja sanaivule. Madzi anaithira, iwo osalabadira n'komwe, akupitiriza kucheza ndi agogo.

Usiku ana tinkawapempha kuti atilowetse m'nyumba tione mivi yake ikuwala mumdima. Koma mkangano waukulu unali pa chithunzi cha kumbuyo kwake. Akaivula n'kuitembenuza, pa chivundikiro panali chilombo chozokotedwa: mutu ndi miyendo yakutsogolo ya hatchi, kumbuyo mchira wa nsomba wopindika. Azakhali ena a Chigwirizano cha amayi a mpingo anakana kuigwira, amati chimenecho n'chithumwa cha Azungu, n'chifukwa chake wotchiyo imayenda yokha popanda woipukusa. Agogo aamuna anaiyang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa kuti, “Nanga nyama imeneyi imadya msipu kapena ndere?” Amalume anaseka mpaka kutsokomola.

Mbiri ya wotchiyi ndinaitola pambuyo pake, ina kwa wokonza mawotchi, ina m'mabuku nditayamba uphunzitsi. Inayambira ku Switzerland, dziko la mapiri lopanda gombe la nyanja yamchere, monganso lathu lino. Mu 1848 mnyamata wina dzina lake Louis Brandt anatsegula kamalo kolumikizira mawotchi a m'thumba m'tauni ya La Chaux-de-Fonds. Zipangizo ankazitenga kwa amisiri a m'deralo amene ankazisula m'nyumba zawo. Atamwalira, ana ake awiri, Louis-Paul ndi César, anasamutsira ntchitoyo ku Bienne mu 1880 n'kumanga fakitale yopanga zonse pamalo amodzi. Mu 1894 anatulutsa makina a wotchi amene anawatcha Omega, opangidwa mwakuti kachipangizo kakathyoka, wokonza aliyense atha kuikapo kena kofanana nako popanda kusula. Makinawo anatchuka kwambiri moti kampani yonse inatenga dzina lawo. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa ndi imene inachititsa kuti wotchi yopangidwa ku Bienne izitha kukonzedwa pakhonde la sitolo ku Petauke.

Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, imene asilikali athu a Northern Rhodesia Regiment anakamenya ku Somaliland, ku Abyssinia mpaka ku Burma, kampaniyi inagulitsa mawotchi oposa 110,000 kwa asilikali a Britain, ambiri a oyendetsa ndege. Kumeneko amisiri anaphunzira zimene zimapha wotchi: madzi, fumbi, kutentha ndi kuzizira kosinthasintha. Nkhondo itatha, mu 1948, pokondwerera zaka 100 za kampani, anatulutsa Seamaster. Sinali wotchi ya asilikali ayi, inali ya munthu wovala jekete, koma yolimba mwausilikali. Chinsinsi chake chinali kamkombero ka mphira koikidwa pakati pa chivundikiro ndi thupi la wotchi. Kale ankatsekera ndi mtovu kapena ulimbo wouma, zimene zinkalekerera mpata kukatentha kapena kukazizira. Mphira imafinyika n'kutseka bwino. Mu 1957 anatulutsa zitatu pamodzi: Seamaster 300 ya odumphira pansi pa nyanja, Railmaster ya ogwira ntchito pafupi ndi magetsi amphamvu, ndi Speedmaster ya a mipikisano ya galimoto. Hatchi ya mchira wa nsomba ija inayamba kuikidwa kumbuyo cha m'ma 1958, ndipo anaijambula ndi Jean-Pierre Borle, atatengera zokongoletsa za pa mabwato a ku Venice. Azakhali aja anamwalira asanamve zimenezi.

Amene anaipanga ankaganiza za nyanja, koma mdani wa wotchi kuno sanali nyanja. Anali fumbi la mwezi wa October, thukuta la munthu wolima, mvula ya January yokupeza uli panjinga, ndi mitsinje yodzaza imene tinkawoloka katundu ali pamutu. Mawotchi otchipa ankachita nthunzi m'kati mwa galasi dzinja limodzi lokha, kenako dzimbiri, basi yafa. Ya amalume inapirira zonsezi chifukwa cha kamphira kaja.

M'kati mwake ndinaonamo tsiku lina pamene amalume ananditenga kupita ku boma. Wotchi inali itayamba kutsalira, ndipo anati yauma mafuta. Pakhonde la sitolo ya Mmwenye pankakhala bambo wina wokonza mawotchi, amene anaphunzira ntchitoyo ku Bulawayo. Anali ndi katebulo ka galasi pamwamba, m'kati muli mawotchi akufa ambirimbiri ochotsamo zipangizo, ndi kagalasi kokulitsa zinthu kamene ankakapanikiza padiso. Ataona imene amalume anamupatsa, anayamba wapukuta manja ake pansalu, n'kuyala pepala loyera.

“Bambo, iyi mwaitenga kuti?” anafunsa.

“Ndaigwirira ntchito, amisiri. Tsegulani ndili pompano.”

Amalume sanafune kuchokapo chifukwa anthu ankakhulupirira kuti okonza amaba miyala ya m'mawotchi n'kukagulitsa. Mmisiriyo sanakwiye. Anazungulitsa chivundikiro ndi kachitsulo ka mano awiri, n'kutiitana kuti tisuzumire. Ine ndinkayembekeza kuona zakuda za girisi. M'malo mwake makina onse anali ofiirira, onyezimira, mtundu weniweni wa mkuwa. Amalume anakhala chete kwa kanthawi, kenako anati, “Mtundu uwu ndimaudziwa.” Pamwamba pa makinawo panali chitsulo chooneka ngati theka la mwezi, chomangidwa pakati. Mmisiri anapendeketsa wotchi pang'ono, chitsulocho chinazungulira chokha. Anatifotokozera kuti kulemera kwa chitsulo chimenechi ndiko kumapukusa wotchi. Munthu akamayenda, akamalima, akamapalasa njinga, icho chimazungulira n'kumakunga sipuling'i yaitali yokulungidwa m'kabokosi kake. Sipuling'iyo ikamamasuka pang'onopang'ono imakankha timagudumu ta mano, ndipo kagudumu kena kopepuka, kokhala ndi kawaya kopyapyala kuposa tsitsi, kamapita uku ndi uku kugawa mphamvuyo mofanana. M'makina a mtundu umenewu, amene nambala yake ndi 552, kagudumuko kamagunda ka 19,800 pa ola limodzi. Ukaivula wotchi n'kuisiya patebulo, imayenda pafupifupi masiku awiri, kenako imaima kudikira mkono.

Za miyala ija anatisonyeza ndi nsonga ya kasingano: timadontho tofiira, 24 tonse pamodzi. Anati si miyala ya mumgodi, ndi yopangidwa m'fakitale, ndipo payokha ilibe mtengo woti munthu n'kuibera. Ntchito yake n'kukhala pamene nsonga za timagudumu zimazungulira, chifukwa ndi yolimba ndi yosalala, chitsulo sichiperepeseka msanga. Anamasula zonse, kutsuka, kudontheza mafuta ndi kawaya, kadontho kosaoneka ndi maso pa mwala uliwonse, n'kubwezera. Dzuwa linapendeka tili pomwepo. Ndaona amisiri ambiri pa moyo wanga, osula makasu, omanga nyumba, okonza mainjini a zigayo, koma manja odekha chotero sindinawaonenso.

M'mudzi wotchiyo inakhala ya tonse, ngakhale inali pa mkono wa munthu mmodzi. Madzulo alionse amalume ankakhala pafupi ndi wailesi kudikira nkhani za m'Chinyanja zochokera ku Lusaka, ndipo wolengeza akatchula nthawi ankayang'ana pamkono. Ikasiyana pang'ono, ankakoka kabatani n'kuitchera. Wofuna kukakwera basi ya UBZ ankabwera madzulo kudzapempha kuti amudzutse. Mwana akabadwa usiku, azamba ankatuma mtsikana kudzafunsa nthawi kuti akalembetse ku chipatala. Pamaliro anthu anayamba kunena kuti malemu atisiya 4 koloko m'bandakucha, chinthu chimene kale sichinkanenedwa. Sukulu ziwiri zikamasewera mpira, aphunzitsi ankabwera kudzabwereka, koma amalume sankabwereketsa. Ankapita okha, n'kukhala pampando m'mbali mwa bwalo, mphindi 45 zikakwana n'kukweza dzanja.

Koma ndikuuzeni zoona, wotchi ija inabweranso ndi ukali wa kumgodi. Amalume anakhala zaka zambiri akuthamangitsidwa ndi lipenga la shifiti, ndipo zimenezo sizinawachoke. Munthu akachedwa kumunda ankamukalipira akugogoda galasi ndi chala. Pa msonkhano wa mudzi ankanyamuka akulu asanamalize kulankhula, ati nthawi yatha, ndipo anthu ankadandaula kuti ulemu anausiya ku Luanshya. Ine ndinkawakonda, komabe pamenepa anthu ankanena zoona. Mlandu wa pamudzi sutha ndi ola, umatha onse akalankhula. Amalume anabweranso ndi chifuwa cha fumbi la pansi pa nthaka, chimene chinkawadzutsa usiku. Ndipo mu September 1970, wailesi italengeza kuti matope agumukira mumgodi wa Mufulira n'kupha anthu 89, anakhala pakhonde tsiku lonse osadya, akutchula mayina a anzawo a kuno kwathu amene ankadziwa kuti ali kumeneko.

Nthawi imeneyo n'kuti ufumu wa mawotchi a ku Switzerland utayamba kugwedezeka, ife osadziwa. Kuyambira mu 1932 ku Los Angeles, Omega ndiyo inkadziwika ndi ntchito yoyeza nthawi pa masewera a Olympics. Koma pa masewera a ku Tokyo mu 1964 ntchitoyo inagwiridwa ndi kampani ya ku Japan, Seiko. Masewera amenewo ife a Zambia sitiwaiwala, chifukwa anyamata athu analowa m'bwalo ngati Northern Rhodesia, ndipo pa tsiku lotsekera, 24 October, anatuluka atanyamula dzina la Zambia. Omega inali idakali ndi ulemerero wake: mu July 1969 Buzz Aldrin anaponda pamwezi atavala Speedmaster, mbale wake wa ya amalume. Koma pa Khirisimasi ya chaka chomwecho Seiko inatulutsa Astron, wotchi yoyamba ya pamkono yoyendera batire ndi kamwala ka quartz. Poyamba inali yodula kwambiri. Pasanathe zaka khumi mawotchi a batire anatchipa, ndipo ankasunga nthawi molondola kuposa wotchi iliyonse ya sipuling'i. Ku Switzerland ogwira ntchito m'mafakitale a mawotchi anatsika kuchoka pa anthu pafupifupi 90,000 kufika pafupifupi 30,000. Mu 1983 gulu la makampani limene munali Omega linaphatikizidwa ndi lina kuti onse apulumuke, ndipo ndilo lero likutchedwa Swatch Group. Zaka zomwezo mtengo wa mkuwa unagwa, kuyambira mu 1975, ndipo ana a ku migodi anayamba kubwera kumudzi manja ali m'thumba.

Kuno aphunzitsi, apolisi ndi alangizi a zaulimi tinavala Seiko 5, yoyenda ndi mkono nayonso, yosonyeza tsiku ndi deti, yolimba ndi yotsika mtengo. Sindiinyoza, inatitumikira bwino. Kenako kunabwera ma Casio a manambala, kenako a pamsika ogulitsidwa pamodzi ndi zisa ndi magalasi, amene akafa umangotaya. Wokonza wa pakhonde uja anatsala ndi ntchito yosintha mabatire, ndipo atamwalira palibe anatenga tebulo lake. Omega yokha inadzukanso, koma inadzukira kwa olemera. Kuchokera mu 1995, pamene Pierce Brosnan anavala Seamaster mu filimu ya James Bond yotchedwa GoldenEye, yakhala wotchi ya m'masitolo a magalasi, ndipo mtengo wa yatsopano kapitao wa mgodi angaganize kawiri.

Amalume anamwalira mu 1986. Apa ndi pamene pali nkhani imene ndakuitanirani. Mwambo wathu Ansenga mukuudziwa: munthu ndi wa kwa amayi ake, ndipo chuma cha mwamuna chinkapita kwa abale ake ndi ana a alongo ake. Pogawa katundu, akuluakulu anapereka njinga, mfuti ndi wotchi kwa akulu anga, amene analowa dzina la amalume. Mwana wawo wa amalume, msuweni wanga wobadwira ku komboni ya mgodi, anali atabwera ku maliro. Anaimirira mwaulemu n'kunena kuti, “Zonse tengani, makolo anga. Ndikupempha wotchi yokha. Ndinkaimvetsera pakhutu ndili pamiyendo pa atate.” Anamuyankha kuti iye ndi wa mtundu wa amayi ake, akalandire kwa amalume ake. Anakwera basi m'mawa mwake, ndipo sanapondenso m'mudzi muno mpaka imfa yake.

Mwambowo unali ndi nzeru zake. Mwamuna akapita ku migodi zaka makumi awiri, amene ankasamala amayi ake, kulipira milandu ya pabanja ndi kusunga minda anali alongo ake ndi ana awo, ndipo sikunali kulakwa kuti iwo alandirepo kanthu. Koma moyo wa ku migodi unabala ana okulira m'manja mwa atate awo, osadziwa amalume, ndipo mwambo sunawaone ana amenewa. Patangopita zaka zitatu, mu 1989, boma linakhazikitsa lamulo la chuma cha munthu womwalira osasiya wilo: magawo 50 pa 100 kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo, 10 kwa ena amene ankadalira malemuyo. Likanakhalapo pa maliro aja, msuweni wanga sakanachita kupempha. Ine ndinali pamenepo tsiku lija, ndipo mpaka lero ndimaona kuti akuluakulu akanatha kusunga mwambo n'kumupatsabe mwanayo kanthu kamodzi kamene anapempha.

Wotchiyo akulu anga anaivala mpaka mkono unawonda, kenako inalowa m'sutukesi, m'kachitini ka fodya, ndipo yakhala mmenemo chiimire. Asanamwalire chaka chatha anandiuza kuti ipite kwa mwana wamkazi wa msuweni wathu uja, amene ali ku Kitwe, ndipo banja lonse lavomera. Koma sitingapereke wotchi yakufa. Iwe amene ukubwerera ku Lusaka Lolemba, ndiwe uinyamule. Usaigwedeze kuti uone ngati iyenda, mafuta ake anauma kalekale ndipo ungaperepese nsonga za timagudumu. Usaiyandikize madzi, kamphira kaja kanaphwanyika. Ufunefune mmisiri wodziwa mawotchi a sipuling'i, osati wosintha mabatire pamsika, ndipo atsegule uli pomwepo. Pa makinawo pali nambala yaitali yozokotedwa, uilembe papepala, chifukwa ndi imene imasonyeza zaka zimene inapangidwa. Umuuze atsuke, athire mafuta, aike mphira yatsopano ndi lamba wachikopa chakuda. Akati apente nkhope yake kuti iwale, ukane. Akati apale chitsulo kuti mikwingwirima ichoke, ukanenso, makamaka uwo waukulu wa m'mbali, umene unabwera tsiku limene amalume anagwa ndi njinga pa mtsinje wa Nyimba. Ndipo wina akakutchulira mtengo, ngakhale waukulu bwanji, umuuze kuti mwini wake ali ku Kitwe. Ndalama ya mmisiri ndakulungira m'kansalu ako, pamodzi ndi nambala ya foni ya azakhali ako a ku Kitwewo.